Chifukwa chake amayi a ku Plaza de Mayo anakana chikalata cha imfa

Pa ntchito yanga ya uloya ndimamva funso ili kawirikawiri: munthu akasowa zaka zambiri, bwanji abale osangovomera kuti anamwalira, nkhani ithe? Amayi a ku Argentina anali ndi yankho lawo.

Asilikali atalanda boma pa 24 Malichi 1976 motsogozedwa ndi Jorge Videla, anayamba kugwira anthu m'nyumba ndi m'misewu, ambiri mwa iwo achinyamata. Abale akapita kupolisi ankauzidwa kuti munthuyo sakumudziwa. Akapempha khoti kuti lilamule boma kuonetsa wogwidwayo, chimene timachitcha habeas corpus, boma linkayankha kuti dzina lake silikupezeka paliponse. Nkhanza ya kusowetsa munthu ili pamenepa. Palibe mlandu, palibe ndende, palibe manda, ndiye khoti limasowa pogwira.

Pa 30 Epulo 1977 amayi 14 omwe ana awo anasowetsedwa, mmodzi mwa iwo Azucena Villaflor, anakumana pa bwalo la Plaza de Mayo, kutsogolo kwa nyumba ya boma ku Buenos Aires. Misonkhano inali yoletsedwa, apolisi n'kuwauza kuti asaime. Iwo anayamba kuyenda awiriawiri mozungulira, ndipo unakhala mwambo wa Lachinayi lililonse. Mipango yoyera yomwe amadziwika nayo inayamba ngati matewera a ana. Mu Disembala chaka chomwecho mayi Villaflor nawonso anagwidwa, ndipo anaponyedwa m'nyanja kuchokera mu ndege.

Mu 1979 boma la asilikali linakhazikitsa lamulo loti osowawo angathe kulembedwa ngati akufa. Amayiwo anakana. Ine ndimati anaona patali kuposa maloya ambiri. Kuvomera imfa popanda kuuzidwa yemwe anapha, liti komanso kuti, kukanakhala kutsekera boma mlandu wake lomwe. Mfuu yawo inali yoti anawatenga amoyo, awabweze amoyo.

Lero malamulo ali kumbali yawo. Pangano la United Nations la 2006 limati mlandu wosowetsa munthu umapitirirabe mpaka zitadziwika zomwe zinamuchitikira. Choncho nthawi yomwe ikatha mlandu sungazengedwenso siyamba kuwerengedwa munthuyo asanapezeke. Nanga chuma ndi ana a wosowayo? Mu 1994 Argentina inapanga lamulo lolola banja kulembetsa kuti mbale wawo anasowetsedwa, n'kuyendetsa za katundu wake popanda kunena kuti anafa.

Asilikali atachoka pampando, komiti ya boma mu 1984 inalemba anthu osowa pafupifupi 9,000, pomwe mabungwe a ufulu wa anthu amati ndi 30,000. Malamulo oteteza asilikali a 1986 ndi 1987 anathetsedwa mu 2003, milandu n'kuyambiranso. Mafupa a mayi Villaflor anadziwika mu 2005, ndipo phulusa lawo linaikidwa pabwalo lomwe lija, pomwe anzawo ankadutsa Lachinayi lililonse.