Mphepo ndi dzuwa pa ulendo wa njinga wodutsa Iowa

Chaka chilichonse chakumapeto kwa mwezi wa Julayi, anthu zikwizikwi amasonkhana ndi njinga zawo kumalire akumadzulo a chigawo cha Iowa ku America, n'kupalasa masiku 7 mpaka kukafika kumtsinje wa Mississippi kum'mawa. Ulendowu umatchedwa RAGBRAI, ndipo unayamba mu 1973 pamene atolankhani awiri a nyuzipepala ya Des Moines Register, a John Karras ndi a Donald Kaul, anaitana owerenga kuti atsagane nawo kuchokera ku mzinda wa Sioux City kukafika ku mzinda wa Davenport. Njira imasintha chaka ndi chaka, koma nthawi zambiri imaposa makilomita 700. Ambiri amayamba ndi kuviika tayala lakumbuyo m'madzi a mtsinje wa Missouri kumadzulo, ndipo akamaliza amaviika lakutsogolo mu Mississippi.

Pa ntchito yanga yokonzekeretsa anthu maulendo ataliatali a panjinga, ndimamva kawirikawiri maganizo akuti kupalasa m'chidikha n'kosavuta popeza kulibe mapiri. Maganizowa ndi amene amagwetsa anthu ambiri pa tsiku lachitatu. Iowa ali ndi zitunda zing'onozing'ono zotsatizana, makamaka kumadzulo ndi kumwera, koma chimene chimafooketsa kwambiri ndi mphepo. Kale mbali yaikulu ya derali inali ya udzu wautali, lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga ndi soya, moti mitengo yotchinga mphepo ndi yochepa. Chitunda chili ndi pothera, ndipo ukachikwera umapumira potsetsereka, pamene mphepo yochokera kutsogolo imakukankha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukankha kwakeko kumakula mofulumira kuposa liwiro, chifukwa liwiro la mpweya wokuomba likawirikiza kawiri, mphamvu yokubweza m'mbuyo imawirikiza kanayi.

Apa m'pamene pagona phindu loyendera limodzi. Wopalasa pafupi kumbuyo kwa mnzake amabisala ku mphepo, ndipo pa liwiro labwino akhoza kusunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Gulu lodziwa limayenda pamzere, wakutsogolo n'kumatsogolera kwa mphindi zochepa chabe, kenako amapatukira pambali n'kubwerera kumbuyo kukapuma. M'nyengo yotentha mphepo ya ku Iowa imakonda kuchokera kumwera, kotero kwa anthu olowera kum'mawa imaomba cham'mbali, ndipo mzere umafunika kupendekeka, aliyense akhale chakumbuyo ndi chakumanzere kwa mnzake ngati msewu ukulola. Luso limeneli limafuna kukhulupirirana. Munthu mmodzi akagwira buleki mwadzidzidzi, kapena tayala lakutsogolo likagunda lakumbuyo la mnzake, ogwa amakhala angapo, n'chifukwa chake wakutsogolo ayenera kuloza dzenje lililonse ndi kufuula asanachepetse liwiro. Ine sindilola munthu kulowa mumzere wothinana asanaphunzire zimenezi pagulu laling'ono.

Vuto lachiwiri ndi kutentha. Mu Julayi kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo chimanga chikamakula chimatulutsa madzi ambiri kudzera m'masamba, zimene zimawonjezera chinyezi mumpweya. Mpweya ukadzaza chinyezi thukuta siliuma msanga, ndiye kuti thupi limalephera kudziziziritsa ngakhale zovala zitanyowa. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo amene amangomwa madzi okhaokha ochuluka tsiku lonse akhoza kuchepetsa mchere wa m'magazi mpaka kusokonezeka mutu. N'chifukwa chake ndimalangiza kumwa pang'onopang'ono, kusakaniza ndi zakumwa za mchere ndi shuga, kudya njala isanayambe, komanso kunyamuka mbandakucha kuti mtunda wambiri uthe dzuwa lisanafike paliwombo. Mnzanu akayamba kuyankhula zosalongosoka kapena kuyendetsa njinga mokhotakhota, muimitseni pamthunzi, mumuthire madzi, ndipo muitane achipatala, popeza iye mwini sangazindikire kuti wafika pangozi.

Mwayi wa ulendo wa ku Iowa ndi wakuti matauni ang'onoang'ono ali pafupipafupi, ndipo mipingo, masukulu ndi magulu a m'deralo amagulitsa chakudya m'mbali mwa msewu, pamene magalimoto amanyamula matenti ndi zikwama kukasiya kogona. Kulowera kumadzulo, ku zigawo za Nebraska kapena South Dakota, midzi imatalikirana kwambiri, moti gulu lopita kumeneko liyenera kuwerengera pa mapu pamene likapeze madzi, n'kunyamula okwanira kukafika pamalo otsatirawo ngakhale mphepo itachedwetsa ulendo ndi maola awiri.