Musanagulire mwana telesikopu, yambani mwadziwa thambo la ku Kasungu

Mphatso zambiri za zakuthambo zimene abale amatumiza kuchokera ku London kapena ku America zimafika ndi vuto limodzi: anazipangira thambo la kwawoko. Kasungu ili pa madigiri 13 kum'mwera kwa Equator, ndipo nambala imeneyi iyenera kukhala m'mutu mwa aliyense wofuna kugulira mwana, mphunzitsi wa sayansi kapena mnzake chipangizo choonera nyenyezi. Polaris, nyenyezi imene mabuku a ku Ulaya amati muyambirepo pofunafuna kumpoto, kuno siituluka chaka chonse. Koma ife tili ndi zathu zimene munthu wa ku London sangazione ali kwawo: Mtanda wa Kum'mwera, Alpha Centauri, Canopus yomwe ndi yachiwiri pakuwala usiku, ndi timitambo tiwiri ta Magellan, magulu a nyenyezi zakutali kwambiri ooneka ngati timitambo. Sirius, yowala kuposa zonse, imadutsa pafupifupi pamutu penipeni.

Tiyambe ndi mapu, chifukwa ndi otsika mtengo komanso ndi pamene anthu amaphonya kwambiri. Pali mapu ozungulira otchedwa planisphere: timbale tiwiri ta pulasitiki kapena katoni tolumikizidwa pakati. Mumazungulitsa kapamwambako mpaka tsiku la mwezi ligwirizane ndi ola, ndipo pazenera pake pamaoneka nyenyezi zimene zili kumwamba nthawi imeneyo. Kufunika kwake n'kwakuti nyenyezi zimafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, kutanthauza maola awiri pamwezi, choncho thambo la 8 koloko mu Meyi si la 8 koloko mu Okutobala. Planisphere iliyonse imapangidwira dera lake, ndipo nambala ya deralo imalembedwa pachikuto. Yolembedwa 40°N kapena 50°N musiyeni wogulitsa akhale nayo. N akuimira kumpoto; funani ya chilembo S, choimira kum'mwera. Zogulitsidwa ku South Africa nthawi zambiri zimakhala za madigiri 30 kapena 35. Zimagwira ntchito, bola mudziwe kuti kuno nyenyezi za kum'mwera zidzaoneka zotsika ndi madigiri pafupifupi 20 kusiyana ndi pamapupo, ndipo za kumpoto zokwera ndi mlingo womwewo. Madigiri 20 ndi nkhonya ziwiri mutatambasula mkono.

Mabuku nawonso chimodzimodzi. Buku likamati Orion ndi nyenyezi za m'nyengo yachisanu, likunena Disembala ndi Januwale wa ku Ulaya. Kwa ife Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu za pakati pa Orion, amakhala kumwamba madzulo m'nyengo ya dzinja, chimanga chikukula, ndipo m'miyezi yathu yozizira ya Juni ndi Julayi simungawapeze madzulo. Zithunzi za mwezi m'mabuku amenewa zimaonekanso zozondoka poyerekeza ndi zimene mwana aziona. Bungwe la Astronomical Society of Southern Africa limatulutsa buku la chaka ndi chaka lotchedwa Sky Guide, losonyeza mwezi ndi mwezi pamene mapulaneti ali, masiku a mwezi watsopano ndi wathunthu, ndi kadamsana. Ubwino wake wina ndi wakuti nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, ndiye palibe zowonkhetsa maola. Onetsetsani chaka: la chaka chatha mapu ake a nyenyezi akadali olondola, koma mapulaneti anasuntha kale.

Tsopano chipangizo chenichenicho. Kwa munthu woyamba kumene, binoculars imaposa telesikopu yotsika mtengo kutalitali. Pa binoculars iliyonse pamalembedwa manambala awiri, monga 7x50 kapena 10x50. Yoyambayo ndi kukuza kwake, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Usiku yofunika kwambiri ndi yachiwiriyi. Kuwala kwa nyenyezi kuli ngati mvula yowaza: beseni limatunga yambiri kuposa kapu. Kamwana ka diso la wachinyamata kakatseguka mumdima kamafika mamilimita 7, choncho galasi la mamilimita 50 limasonkhanitsa kuwala kochuluka maulendo pafupifupi 50 kuposa diso lokha.

Mukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba mumapeza kukula kwa kadontho ka kuwala kotulukira kumaso: pa 7x50 ndi mamilimita 7, pa 10x50 ndi mamilimita 5. Munthu akamakula, kamwana ka diso sikatsegukanso kwambiri, kamathera pa 5 kapena 6, ndiye 7x50 imataya kuwala kwina kunja kwa diso la bambo wa zaka 50. Akuluakulu agulireni 10x50. Mwana wa ku pulayimale, amene mikono yake imatopa msanga, 8x42 imamuyenera chifukwa ndi yopepuka. Zoposa 12x zimanjenjemera m'manja mpaka nyenyezi zimavina. Zokhala ndi kachogwirira kosinthira kukuza, komanso zamagalasi ofiira psu zimene zimakongola pashelefu, zimapereka chithunzi chakuda ndi chopapatiza.

Kaya mukugula yatsopano ku Lilongwe kapena yakaunjika, iyeseni musanapereke ndalama. Igwireni patali ndi nkhope, moloza kumwamba kowala, muyang'ane timadontho tiwiri ta kuwala m'magalasi akumaso. Tikhale tozungulira bwinobwino; tikakhala ndi ngodya zotuwa ndiye kuti magalasi am'kati ndi otchipa kapena ochepa. Kenako unikani ndi tochi kuchokera kutsogolo: timizere toyera tanthambinthambi m'kati mwa galasi ndi chuku, ndipo chikadya galasi sichichoka. Chachitatu, yang'anani waya wamagetsi kapena denga lakutali, n'kumaichotsa pang'onopang'ono kumaso. Mzere wa kumanzere ndi wa kumanja ukhale umodzi. Wina ukakwera wina n'kutsika, binoculars imeneyo inagwapo. Masana ubongo umayesetsa kuphatikiza zithunzi ziwirizo mpaka mutu kuwawa, usiku nyenyezi iliyonse imaoneka iwiri.

Ambiri amene amadandaula kuti binoculars yawo siona bwino sanaikonzere maso awo. Tsinzinani diso lamanja, muzungulitse gudumu lapakati mpaka lamanzere lione bwino. Kenako tsinzinani lamanzere, musakhudzenso gudumulo, muzungulitse kamphete ka kugalasi lamanja. Zikatero basi. Kuti manja asanjenjemere, gonani chagada pamkeka, kapena tsamizani zigongono pampanda kapena pachishalo cha njinga.

Ndi 10x50 yokhazikika bwino muona miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo anaiona mu 1610, ndipo mawa lake idzakhala itasinthana malo. Nsangwe, zimene diso limawerenga zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zimasanduka makumimakumi. Mu Meyi cha m'ma 9 koloko Mtanda wa Kum'mwera umaima chilili madigiri oposa 40 kuchokera pansi. Pambali pa nyenyezi yake ya kum'mawa pali kagulu kotchedwa Jewel Box, ndipo pamwamba pake chakum'mawa pali Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni wooneka ngati kautsi kozungulira. Chenjerani ndi mtanda wabodza womwe uli chakumadzulo kwake, wokulirapo koma wosawala kwambiri. Weniweniwo uli ndi nyenyezi ziwiri zowala zouloza, ndipo yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutipeze.

Nanga telesikopu? Bokosi likalembedwa 525x kapena 675x pamwamba pa chithunzi chokongola cha Saturn, limenelo ndi chenjezo. Kukuza kumene telesikopu ingapereke popanda chithunzi kuphwanyika ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mamilimita a galasi lake. Ya mamilimita 60 imathera pa 120x, ndipo ngakhale pamenepo timiyendo take topyapyala timagwedezeka ndi kamphepo kalikonse. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho pa 100x pulaneti imadutsa m'galasi n'kutuluka m'mphindi ziwiri zokha. Mwana akaigwira kuti aitsatire, zonse zimasowa. Matelesikopu otere amathera pamwamba pa kabati.

Ngati ndalama ilipo, funani ya kalilole yokhala pachikhazikitso cha mtundu wa Dobsonian, kabokosi kozungulira kamene mumangokankha ndi dzanja. Ya mamilimita 130 imasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa kanayi poyerekeza ndi ya 60. Kukuza mumakupeza pogawa kutalika kwa telesikopu kolembedwa pathupi pake ndi nambala ya kagalasi koikapo diso: 650 kugawa ndi 25 ndi 26x, kugawa ndi 10 ndi 65x. Nthawi zonse yambani ndi ka 25, chifukwa kamaonetsa dera lalikulu. Pa 65x mphete za Saturn zimaoneka. Mu Malichi 2025 zinali chammbali kwa ife, ndipo zikhala zikutseguka chaka ndi chaka mpaka cha m'ma 2032. Chikhazikitso china chotchedwa equatorial, chokhala ndi chitsulo cholemera cholendewera, sichoyenera woyamba kumene. Chimafuna kuti muchitchere pa madigiri 13 ndi kuchilozetsa pakati penipeni pa kum'mwera kwa thambo, pomwe kulibe nyenyezi yowala yokutsogolerani.

Zolakwika za usiku woyamba zimakhala zomwezomwezo. Katelesikopu kakang'ono kolozera kamene kali pamwamba kamafunika kukagwirizanitsa ndi yaikuluyo masana, poloza nsanja ya foni yakutali. Mukapanda kutero, ngakhale mwezi mudzausowa. Chithunzi chikaoneka chozondoka, sikuti yawonongeka, ndi mmene imapangidwira. Itulutseni panja mphindi 30 musanayambe kuti kalilole azizire. Musayang'ane kudzera pazenera kapena modutsa pamwamba pa denga la malata limene latentha tsiku lonse, chifukwa mpweya wotentha wokwera umagwedeza chithunzi. Ndipo pamisewu yafumbi ya ku Chamama kapena ku Chulu muinyamule pamiyendo, osati pakaliyala ya njinga: mabampu amasuntha akalilole.

Chenjezo limodzi lilibe kukambirana. Kuyang'ana dzuwa ndi binoculars kapena telesikopu kumawotcha diso nthawi yomweyo ndipo silichira. M'mabokosi ena otchipa mumakhala kagalasi kakuda kolembedwa SUN komangirira kumaso. Katayeni musanapereke mphatsoyo, chifukwa kamasweka ndi kutentha diso lili pomwepo. Pa kadamsana, magalasi oyenera amakhala ndi chizindikiro cha ISO 12312-2. Galasi lodetsedwa ndi mwaye ndi magalasi a dzuwa wamba si chitetezo.

Tinthu ting'onoting'ono nthawi zina timathandiza kuposa chachikulu. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kwa foni kumafafaniza zonsezo m'kamphindi. Kuwala kofiira kochepa sikusokoneza kwambiri. Tochi wamba mungaikute ndi pepala lapulasitiki lofiira kawiri kapena katatu, kapena kupaka galasi lake utoto wofiira wa zikhadabo. Pulogalamu ya Stellarium, yomwe pakompyuta ndi yaulere ndipo iliponso ya pafoni, imagwira ntchito popanda intaneti mukangoiika. Iuzeni kuti muli ku Kasungu ndipo muyatse mtundu wake wofiira. Onjezerani mkeka, bulangeti, chipewa chaubweya, nsapato zotseka chifukwa cha zinkhanira, mankhwala opaka othamangitsa udzudzu, ndi kope la sukulu lojambulamo. Mwana amene wajambula malo a miyezi ya Jupiter kwa sabata imodzi waphunzira zambiri kuposa amene wangoyang'ana. Tochi za laser zobiriwira musapatse ana, zimavulaza maso.

Nthawi yoperekera mphatso nayonso ndi yofunika kuiganizira. Ya pa Khirisimasi imafika mitambo ili tho, ndipo chidwi cha mwana chimatha mvula isanathe. Miyezi yabwino kuno ndi Meyi mpaka Ogasiti: mpweya ndi woyera, 7 koloko kwada kale, ndipo mu Julayi gulu la nyenyezi lotchedwa Chinkhanira ndi nyenyezi yake yofiira ya Antares, pamodzi ndi mbali yowala kwambiri ya Mlalang'amba, zimadutsa pafupi ndi pamutu. Pa 5 ndi 6 Meyi m'bandakucha kumathothoka nyenyezi za Eta Aquariids, fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley. Zimenezi zimafuna maso okha ndi bulangeti. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zotsika, ngakhale kulibe mtambo. Mwezi wathunthu umabisa Mlalang'amba, ndiponso si nthawi yabwino youonera mweziwo: maenje ndi mapiri ake amaoneka bwino ukakhala theka, m'malire a kuwala ndi mdima, pamene zithunzithunzi zimatalika. Makilomita ochepa kunja kwa tauni thambo limada mokwanira. Ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu National Park, mdima ndi wabwino zedi, koma kuli njovu ndi mvuu, ndiye musachoke pamalo ogona popanda chilolezo cha alonda.

Magalasi adani ake kuno ndi fumbi ndi chinyontho. Osapukuta ndi chitenje kapena malaya, chifukwa fumbi lili ndi timchenga tokanda. Yambani mwalipemerera ndi kampira kopopera mpweya, kenako nsalu yofewa ya magalasi. Mame akagwera, lowetsani chipangizocho m'nyumba chosatseka mpaka chiume, mutseke mawa. M'dzinja sungani binoculars m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Patsala mphatso imodzi yofala pa intaneti: satifiketi yoti nyenyezi yakutiyakuti tsopano yatchedwa dzina la wokondedwa wanu. Mayina ovomerezeka a zakuthambo amaperekedwa ndi bungwe la International Astronomical Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, ndipo siligulitsa dzina lililonse. Dzina logulalo limangokhala m'kaundula wa kampani yogulitsayo, ndipo nthawi zambiri nyenyeziyo imakhala yosaoneka ndi maso, mwinanso ya kumpoto kwenikweni yosatuluka kuno. Ndalama imeneyo ikwanira planisphere ya kum'mwera, tochi ndi mabatire.