Asiyeni agogo alankhule Chilomwe ndi mdzukulu wawo

Mayi ena a ku Luchenza anandikokera pambali titamaliza msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Ankafuna kudziwa ngati achita bwino kuletsa agogo kulankhula Chilomwe ndi mdzukulu wawo. Nkhawa yawo inali yakuti mwana akamamva Chilomwe kwa agogo, Chichewa kwa anzake, ndiye kusukulu Chingerezi, mutu udzadzaza ndipo Chingerezicho chidzasowa pokhala. Pa ntchito yanga yosula aphunzitsi funso limeneli ndalimva kambirimbiri.

Mantha amenewa si a kuno kokha. Kale ngakhale akatswiri a ku Ulaya ndi ku America ankakhulupirira kuti zilankhulo ziwiri zimabwezera mwana m'mbuyo. Mu 1962 Elizabeth Peal ndi Wallace Lambert anayesa ana a zaka 10 mumzinda wa Montreal ku Canada, ndipo ana olankhula Chifalansa ndi Chingerezi anakhoza kuposa anzawo olankhula Chifalansa chokha. Mpaka lero akatswiri amakanganabe kuti phindulo ndi lalikulu motani, koma zoti mwana amasokonezeka mutu anazisiya kalekale. Ife a ku Mulanje sitinayenere kudikira azungu kuti atiuze. Pitani pamsika wa Limbuli kapena pachipata cha Muloza mukamve wogulitsa akunenerera mtengo m'Chichewa, kuseka ndi mnzake m'Chilomwe, kenako kuwerenga ndalama m'Chipwitikizi ndi wogula wochokera ku Milange, ku Mozambique. Ndani anganene kuti munthu ameneyo wasokonezeka?

Vuto lenileni lili kwina, ndipo limaonekera mu Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Jim Cummins, katswiri wa ku Canada, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kudziwa chilankhulo. Pali chilankhulo chochezera, cha moni, chopemphera madzi ndi chosewerera. Ndiye pali chilankhulo cha m'mabuku, chimene mwana amafunika kuti afotokoze chifukwa chake tiyi amakonda ku Thyolo ndi ku Mulanje koma osati ku Nsanje. Cummins anapeza kuti ana osamukira ku Canada ankatola chochezeracho m'zaka ziwiri, koma cha m'mabuku chinkawatengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Tsono awo anali ana omva Chingerezi paliponse, pamsewu, m'sitolo ndi pa wailesi yakanema. Wathu wa ku Bvumbwe amachimva m'kalasi mokha, nthawi zina atakhala pansi pamodzi ndi anzake oposa zana. Makolofe timanyengeka apa: mwana akapereka moni wa Chingerezi mosadodoma, timaomba m'manja kuti wachidziwa. Akafika pa funso la sayansi, amaloweza mawu osawamva tanthauzo, mayeso akabwera n'kugwa.

Cummins yemweyo anaonetsanso kuti luso limene mwana wapeza m'chilankhulo chimodzi amalowa nalo m'chinzake. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi. Amene wazindikira m'Chichewa kuti zilembo zimaimira maliwu, kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, sayambiranso akafika pa Chingerezi. Amangofunika mawu atsopano. Ku Nigeria, m'zaka za m'ma 1970, katswiri wa zamaphunziro Babs Fafunwa anatsogolera kafukufuku mumzinda wa Ife, momwe ana anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale m'Chiyoruba, Chingerezi chili phunziro pachokha. Anawo anachita bwino m'maphunziro ena, ndipo Chingerezi chawo sichinatsalire.

Kuno kwathu malamulo akhala akusinthasintha. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za kwawo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera zinasowa. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linatchula Chingerezi ngati chilankhulo chophunzitsira. Pakati pa zonsezi Chilomwe chinakhala panja pa kalasi, ndipo manyazi amene makolo athu anasenzetsedwa chifukwa cha mayina onyoza anachititsa kuti mabanja ambiri achisiye. Lero ana ambiri a Chilomwe amakula akulankhula Chichewa, ndipo ena amachimva bwino chilankhulo cha makolo awo pokhapokha ku Chonde mu Okutobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Kunena zoona, tsiku limodzi pachaka silisunga chilankhulo.

Aphunzitsi ambiri amafotokoza phunziro m'Chichewa kenako n'kulibwereza m'Chingerezi, koma amachita mobisa ngati akuba, kuopa alangizi akabwera kudzayendera. Ine ndimawauza kuti achite poyera, bola achite mwadongosolo: mfundo imveke kaye, kenako mawu ake a Chingerezi alembedwe pabolodi, ana awanene ndi kuwagwiritsa ntchito m'ziganizo zawozawo.

Mayi a ku Luchenza aja ndinawapempha zinthu ziwiri. Agogo apitirize nthano ndi zilape zawo m'Chilomwe madzulo. Ndipo mwana akaweruka, amufunse kuti afotokoze m'Chichewa zimene waphunzira tsikulo. Akalephera kuzifotokoza, ndiye kuti wangoloweza, ndipo m'mawa mwake apite akaonane ndi aphunzitsi ake.