Musanamange botolo la nitrous, yang'anani kaye pampu ya petulo

Mnyamata wina anabwera kugalaja kwanga atanyamula katoni imene achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni. M'katimo munali botolo la nitrous oxide, mpweya woonjezera mphamvu ya injini, mapaipi, ma solenoid awiri (mavalavu otseguka ndi magetsi) ndi kathumba ka ma jet (tizitsulo ta kabowo toyeza kuchuluka kwa nitrous ndi petulo). "Amakaniko, mundimangire izi lero, Loweruka anzanga akandione." Ndinamufunsa kuti pampu ya petulo ya galimoto yakeyo inayezedwa liti. Anangokanda m'mutu. Ndinamuuza kuti botololo liyambe ladikira pashelefu.

Ambiri amaganiza kuti nitrous oxide ndi mafuta oyaka kuposa petulo. Ayi. Mpweyawu pawokha suyaka. Ntchito yake ndi kunyamula okosijeni. Mpweya umene timapumawu, tikauyeza kulemera, okosijeni ndi magawo 23 pa 100 alionse, pamene mu nitrous ndi magawo 36. Ukalowa mu silinda n'kutentha kufika madigiri pafupifupi 300, umasweka n'kutulutsa okosijeniyo. Komanso potuluka m'botolo umazizira mpaka madigiri 88 pansi pa ziro, ndiye mpweya wolowa mu injini umathithikana, wambiri n'kukwana pamalo ochepa. Ajeremani anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pa makina otchedwa GM-1, kuti ndege zawo zisafooke zikakwera m'mwamba momwe mpweya ndi wochepa. Kampani ya NOS ya ku California, imene inayamba mu 1978, ndi imene inatchukitsa zimenezi m'magalimoto, mpaka dzina lake linasanduka dzina la mpweyawo.

Tsono mphamvu yoonjezerayo imachokera mu petulo. Okosijeni akachuluka petulo osachuluka naye, moto wa mu silinda umatentha ngati wa owotcherera zitsulo. Nsonga ya pulagi imasungunuka, pisitoni imabooka pamutu, ndipo zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, phazi lanu lisanachoke n'komwe pa ekisileta. Injini zimene ndinaona zitafa ndi nitrous, pafupifupi zonse zinafa ndi njala ya petulo.

N'chifukwa chake ntchito imayambira kuthanki. Pampu iyezedwe galimoto ikukoka, osati itangoima. Sefa ya petulo ikhale yatsopano. Kenako muike switchi imene imadula nitrous pamene mphamvu ya petulo m'paipi yatsika. Kachipangizo kameneka n'kotsika mtengo kuposa pisitoni imodzi, koma ndi kamene anthu amakonda kukasiya m'katoni. Makina a nitrous alipo a mitundu iwiri. A wet amapopera nitrous ndi petulo limodzi. A dry amapopera nitrous yekha n'kudalira ma injector a galimoto kuti aonjezere petulo. Pa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zimene ma injector ake ayenda makilomita osawerengeka, ine ndimasankha wet.

Kukula kwa jet nakonso kumafuna kudziletsa. Injini ya masilinda anayi imene sinasinthidwe m'kati imapirira ma horsepower oonjezera pafupifupi 50, ngati ili yathanzi. Yodya oyilo kapena yofooka kompuresheni musaiyese n'komwe. Yambani ndi jet yaing'ono kwambiri, ndipo tsatirani tchati cha opanga, chimene chimasonyeza jet ya petulo yoyenda ndi jet iliyonse ya nitrous. Moto wa nitrous umathamanga, choncho tayimingi imabwezedwa m'mbuyo, kawirikawiri madigiri awiri pa ma horsepower 50 alionse. Mapulagi akhale a mtundu wozizirirapo (wotaya kutentha msanga) ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, mpata wake wochepetsedwa pang'ono, ndipo petulo akhale wa octane yapamwamba imene mungaipeze.

Botolo limakhala m'buti, lomangidwa ndi mabulaketi ake ndi mabawuti obooleza chitsulo cha pansi, okhala ndi mawashala aakulu. Musanaboole, suzumirani kunsi, chifukwa thanki ndi mapaipi a mabuleki zimadutsa komweko. M'kati mwa botolo muli kapaipi kokoka nitrous wamadzi pansi pake, ndiye liyenera kugona monga opanga ananenera: valavu kutsogolo ndiponso mokwererapo, chizindikiro chikuyang'ana kumwamba. Likatembenuka, injini imalandira mpweya wokha ndipo muyezo wonse umasokonekera.

Apa ndikufuna mumvetsetse, chifukwa dzuwa lathu si la ku Ulaya. Botolo limagwira bwino mphamvu ya mpweya m'kati mwake ikakhala pa 900 mpaka 1,000 psi, zimene zimachitika likafunda madigiri pafupifupi 30. Likapitirira madigiri 36, nitrous sakhalanso wamadzi ndipo mphamvu ya m'botolo imakwera msanga. Ganizirani buti ya galimoto yoimikidwa padzuwa la Okutobala ku Chikwawa kapena ku Tete. Pa valavu pali kachitsulo kopyapyala kamene kamaphulika dala pa 3,000 psi kuti botolo lisang'ambike. Kakaphulika, mpweya wonse umatuluka nthawi imodzi. Pa chifukwa chimenechi pamafunika paipi yochokera pamenepo kutulukira kunja kwa galimoto, makamaka galimoto zimene buti yake ndi yolumikizana ndi mipando. Munthu akhoza kukomoka ali pachiwongolero. M'nyengo yozizira botolo limatenthetsedwa ndi chofunda chake chamagetsi chimene chimazima chokha. Moto wa gasi kapena mbaula zisayandikire, chonde. Podzaza amayeza pasikelo: botolo lolembedwa kuti limanyamula mapaundi 10 lilandire makilogalamu 4.5 basi. Ndipo mpweyawu si wopuma. Wa m'magalimoto amauthira sulphur dioxide dala, ndipo wamadziwo ukakhudza khungu umaotcha ndi kuzizira.

Mapaipi adutse kutali ndi ekizozi ndiponso chilichonse chozungulira. Polumikiza musakulunge tepi yoyera ya mapulambala. Kachidutswa kake kakalowa mu solenoid ya petulo n'kuitseka, njala ija yafika. Pakani phala lake lomatira, pang'ono pokha.

Mawaya adutse pa relay ndi fyuzi. Ine sindilola kabatani kamodzi kokha pachiwongolero. Pakhale switchi yoyatsira makina onse, ina yolola nitrous pokhapokha ekisileta yapondedwa mpaka pansi, ndi ina yotsegula nitrous pamene injini yadutsa 3,000 rpm n'kutseka injiniyo isanafike polekezera. Mukapopera injini ikuyenda pang'onopang'ono, moto umabwerera ku manifold, kumene mpweya umalowera mu injini, n'kuiphulitsa. Zomwezo zimachitika solenoid ikamadontha galimoto itazima. Tsekani valavu ya botolo nthawi zonse mukamaliza, ndipo mukakayikira kuti nitrous walowa mu injini yozima, musalize. Chotsani mawaya a koyilo, pondani ekisileta, zungulitsani injini kwa masekondi angapo kuti mpweyawo utuluke.

Malo oyesera ndi pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) kapena pabwalo la mpikisano, monga Tarlton kufupi ndi Krugersdorp kapena Santa Pod ku England, osati pamsewu wa M1 pamene pali njinga za kabaza ndi ana ochokera kusukulu. A inshuwalansi auzeni za kusinthaku. Mukathamanga ulendo woyamba, zimitsani injini n'kumasula mapulagi onse. Ikapezeka imodzi yoyera mbuu kapena ya timadontho tonga tsabola, imani pomwepo.

Mnyamata uja tinamuyezera pampu tsiku lomwelo. Inkafooka injini ikangodutsa 5,000 rpm. Loweruka limenelo anapita kwa anzake botolo likadali pashelefu yanga, ndipo tinalimanga patatha milungu itatu, pampu yatsopano itafika.