Mgodi wotayidwa umene unasanduka khola la mahatchi ndi ana ku Oregon

Mu 2025 famu ya Crystal Peaks Youth Ranch, kufupi ndi tauni ya Bend m'chigawo cha Oregon ku America, inakwanitsa zaka 30. Mkangano wa malo otere nawo sunazilale. Ena amati hatchi imatha kutsitsimutsa mwana wosweka mtima, ena amati ndi nkhani yongokoma m'makutu.

Mbiri yake imayambira pa maliro. Kim Meeder, mayi amene anadzayambitsa famuyi, anali ndi zaka 9 pamene bambo ake anapha mayi ake kenako n'kudzipha. Iye amanena kuti tsiku loika maliro anakwera hatchi, ndipo m'masiku achisoni amenewo ndi pamene anayamba kudalira Yesu. Analeredwa ndi agogo ake. Zambiri za nthawiyi timazimva kwa mwini wake, makamaka m'buku lake la Hope Rising la 2003, choncho tizimve ngati umboni wa munthu amene zinamuonekera, osati ngati lipoti la kafukufuku.

Pomwe zinthu zinatembenukira ndi 1993. Kim ndi mwamuna wake Troy anagula malo a maekala 9 omwe ena onse ankawanyalanyaza. Unali mgodi wakale womwe ankakumbamo miyala yofiira ya chiphalaphala, yothira m'misewu. Dothi lapamwamba linali litapita kalekale, panalibe udzu kapena mthunzi. Banjali linayamba kuyenda m'mafamu oyandikana nawo kupempha ndowe, utuchi wa m'makola ndi udzu wovunda, n'kumazimwaza pamiyalapo kuti pakhale nthaka. Anatolanso mitengo yoposa 300 yopindika ndi yothyoka imene ogulitsa mbande anaitaya, n'kuibzala. Inali ntchito ya fosholo ndi wilibala, ndipo inadya zaka ziwiri.

Mu 1995 anabweretsa mahatchi awiri oyamba. Ina inali itawonda ndi njala mpaka nthiti kuwerengeka. Inayo inamenyedwa koopsa moti dokotala wa ziweto anachita kuisoka kumaso. Ana a m'deralo anayamba kubwera okha kudzathandiza kuzisamala. Kim amasimba za mtsikana wina amene sankalankhula ndi akuluakulu, koma anayamba kulankhula ndi hatchi yowondayo. Atawona zimenezo, ndi pamene anaganiza zotsegula malowo kuti ana azibwera.

Dongosolo lake ndi losavuta: mwana mmodzi, hatchi imodzi, mtsogoleri mmodzi, mphindi 90, ndipo kholo silipereka ndalama iliyonse. Mwana amayamba ndi kugwirako kantchito ka pafamu, kenako amapesa hatchi ndi kuikwera. Eni ake sabisa kuti cholinga chawo ndi kulalikira Khristu.

Okayikira ali ndi mfundo yomveka. Mu 2014 katswiri wa zamaganizo Michael Anestis ndi anzake anaunika kafukufuku 14 wokhudza kugwiritsa ntchito mahatchi pochiza matenda a maganizo, m'magazini ya Journal of Clinical Psychology. Anapeza kuti kafukufukuyo anali wofooka ndipo sanatsimikize kuti njirayi imachiza. Mwana amene akuvutika ndi maganizo ofuna kudzipha amafunika dokotala, ndipo khola silingalowe m'malo mwa chipatala. Palinso funso lovuta kulimasula, loti chimene chimamuthandiza mwanayo ndi hatchi kapena ndi munthu wamkulu amene wamupatsa ola ndi theka lonse popanda kumufulumizitsa.

Komabe, kwa ine, chenjezo la akatswiriwo likugwera kwambiri anthu amene amagulitsa mahatchi ngati mankhwala n'kumalipiritsa makolo osowa pogwira. Ku Crystal Peaks kholo silitaya ndalama, ndipo hatchi yomwe ikanafa ndi njala imapeza udzu ndi madzi. Malinga ndi chiwerengero cha famuyo, apulumutsa mahatchi oposa 300, ndipo maphunziro amene amapereka athandiza kuyambitsa mafamu ena oposa 200 a mtundu womwewu ku America ndi m'mayiko ena.