ISO yokwera si ndiyo imaononga zithunzi za mumdima

Patha zaka ndikumva anthu akulangizana kuti pojambula mumdima ISO (nambala yomwe mumakweza pa kamera kuti chithunzi chiwale) isadutse 200, ati ikakwera ndiye imadzaza chithunzi ndi timadonthomadontho. Mawuwa afika pondikwana.

Timadonthoto timabwera makamaka chifukwa kuwala kofika pa sensa ya kamera (kachipangizo ka m'kati kogwira chithunzi) n'kochepa. ISO imangokweza zomwe sensa yalandira kale. Mukakanikiza ISO pansi, kamera imasiya shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) yotsegula nthawi yaitali, mwina 1/4 ya sekondi, ndipo dzanja likangonjenjemera kapena munthu akacheuka, chithunzi chimatuluka chogwedezeka. Timadontho timachepetseka pa kompyuta, koma kukonza chithunzi chogwedezeka ndi ntchito yaikulu.

Makamera ambiri ali ndi Auto ISO, yomwe imalola kamera kusankha yokha ISO. Ikani malire a pamwamba, monga 6400, ndipo shutter isachedwe kuposa 1/125 ya sekondi pojambula anthu. Kamera ikamawalitsa usiku mpaka kuoneka ngati masana, tsitsani exposure compensation (chosinthira chowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi) pa -1, poti choyezera kuwala chake chimakokera chilichonse pakatikati.

Musangokhulupirira ine, ndipo musamapatsire anzanu lamulo lomwe simunaliyese. M'chipinda chamdima, ikani kamera pamalo okhazikika, shutter ndi aperture (kabowo kolowera kuwala mu lens) zisasinthe, jambulani RAW (mtundu wa fayilo womwe kamera siikonza) pa ISO 400 kenako pa 3200. Walitsani choyambacho pa kompyuta mpaka zifanane, muzikuze n'kuyang'ana mbali zamdima. Pa makamera ambiri, cha 3200 chimakhala ndi timadontho tofanana kapena tochepa kuposa chinzake.