Malamulo akale ndi atsopano a Dungeons & Dragons: mkangano unayambira pati?

Dungeons & Dragons (D&D) ndi masewero omwe aliyense amasewera ngati ngwazi ya m'nkhani yongopeka, mmodzi akuyendetsa nkhaniyo, ndipo zochitika zimagamulidwa ndi madayisi. Mu Ogasiti 2024, chaka chomwe Dungeons & Dragons imakwanitsa zaka 50, kampani yomwe imapanga masewerowa, Wizards of the Coast, inalengeza kuti pa D&D Beyond, tsamba la pa intaneti pomwe osewera ambiri amasungira mapepala a ngwazi zawo, matsenga a m'malamulo a 2014 alowedwa m'malo ndi atsopano. Anthu anapsa mtima, ndipo pasanathe sabata kampaniyo inabweza mawu. Chinawawa kwambiri n'chakuti kuyambira 2022 akuluakulu a kampaniyi ankangobwereza kuti malamulo okonzedwanso adzayenderana ndi akale, kuti palibe amene adzataye mabuku ake.

Kuyenderanako kulipo ndithu, koma kuli ndi timabowo. Wansembe wa mu 2014 ankasankha njira ya mulungu wake pa levulo (gawo la kukula kwa ngwazi) yoyamba, pomwe wa mu 2024 amadikira mpaka yachitatu. Manambala owonjezera mphamvu kapena nzeru, omwe kale ankachokera ku mtundu wa ngwaziyo, tsopano amachokera ku mbiri ya moyo wake. Mitundu ya half-elf ndi half-orc mulibe m'buku latsopano. Kwa munthu amene wakhala zaka zisanu akusewera ngwazi imodzi ndi anzake omwewo, izi si zazing'ono.

Za zaka zoyambirira tingodutsamo. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerowa mu 1974, ndipo pofika 1979 kampani ya TSR inkagulitsa mitundu iwiri ya malamulo nthawi imodzi, wamba ndi Advanced. Achiwiri a Advanced anabwera mu 1989. Nthawi yonseyi munthu ankatha kutenga nkhani yakale n'kuiyendetsa ndi malamulo atsopano atangokonza manambala ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba.

Wizards inagula TSR mu 1997, ndipo mu 2000 inatulutsa malamulo achitatu, omwe anatembenuza zambiri. Kale nambala ya chitetezo ikakhala yaing'ono ndiye kuti ngwazi ndi yovuta kuibaya: wopanda chovala chankhondo anali pa 10, wovala chitsulo thupi lonse ndi chishango anali pa 2. Kuyambira 2000 nambala yaikulu ndiyo inakhala yabwino. Koma chachikulu cha chaka chimenecho chinali chilolezo chotchedwa Open Game License, chomwe Ryan Dancey anachilimbikira. Chinalola aliyense kulemba ndi kugulitsa mabuku pogwiritsa ntchito mutu wa malamulowo, kutanthauza maziko ake, osalipira kanthu. Mu 2003 kunabwera malamulo achitatu okonzedwanso otchedwa 3.5, anthu anang'ung'udza kuti agulenso mabuku patangotha zaka zitatu, koma anagula.

Ine ndimaona kuti zinthu zinakhotera pakati pa 2007 ndi 2009. Mu 2007 Wizards sinawonjezere chilolezo cha kampani yaing'ono ya Paizo, yomwe inkasindikiza magazini a Dragon ndi Dungeon. Omaliza a papepala anatuluka mu Sepitembala. Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, pa msonkhano wa Gen Con ku Indianapolis, kunalengezedwa malamulo achinayi, ndipo anafika m'masitolo mu Juni 2008. Awa ndiye sanayenderane n'komwe ndi akale. Ngwazi iliyonse, kaya msilikali kaya wamatsenga, inapatsidwa mphamvu zamtundu umodzi: zina za nthawi iliyonse, zina kamodzi pa nkhondo, zina kamodzi pa tsiku. Magulu a ngwazi otchedwa bard, druid, barbarian, monk ndi sorcerer sanapezeke m'buku loyamba la osewera. Ngakhale dziko la Forgotten Realms analikankhira kutsogolo pafupifupi zaka 100, moti anthu ambiri a m'nkhani zakale anangofa ndi ukalamba. Chilolezo chatsopano cha makampani ena chinachedwa, ndipo chitabwera chinali chothina.

Paizo, pansi pa Lisa Stevens, inasankha kutsalira. Mu Malichi 2008 inalengeza Pathfinder, masewero omangidwa pa 3.5 pogwiritsa ntchito chilolezo chija cha 2000, Jason Bulmahn ndiye akutsogolera ntchito yolemba. Anaika malamulowo poyera kuti aliyense awayese n'kunena maganizo ake, ndipo buku lenileni linatuluka mu Ogasiti 2009. Osewera ankangoti ndi 3.75. Amene anali ndi shelefu yodzaza mabuku a 3.5 anapeza kolowera.

Zimanenedwa kawirikawiri kuti kuyambira 2011 mpaka 2014 Pathfinder inkagulidwa kuposa D&D. Mawuwa amachokera pa mndandanda wa tsamba la nkhani zamalonda la ICv2, womwe umapangidwa pofunsa eni masitolo ndi ogawa katundu, osati powerenga mabuku onse ogulitsidwa. Sumawerengera ndalama zomwe Wizards inkalandira mwezi ndi mwezi kwa olembetsa pa intaneti, komanso m'zaka zomalizazo kampaniyo inali itachepetsa kale kutulutsa mabuku atsopano. Okonda malamulo achinayi akamati masewero awo amanyozedwa mopitirira, akunena zoona, chifukwa nkhondo zake zinali zokonzedwa mwaluso ndipo woyendetsa nkhani sankavutika kukonzekera. Komabe kampani simayamba kulemba malamulo ena patangotha zaka zosakwana zinayi ngati zinthu zili bwino, ndipo Wizards inalengeza zimenezo mu Januwale 2012.

Malamulo achisanu a 2014 anabweza zambiri zakale, ndipo anthu anabwerera. Mu Januwale 2023 kalata inaululika yosonyeza kuti kampaniyo ikufuna kuthetsa chilolezo cha 2000. Phokoso lake linali lalikulu moti mwezi usanathe inagonja, n'kuika mutu wa malamulo achisanu pansi pa chilolezo chotsegukira aliyense cha Creative Commons, komwe singathenso kuwachotsa.

Mabuku a 2024 ndi 2025 sanatchedwe achisanu ndi chimodzi, ngakhale osewera ambiri ankangoti 5.5. M'buku latsopano la osewera muli kabokosi kouza munthu zochita akafuna kugwiritsa ntchito mtundu wa ngwazi wa m'mabuku akale: asiye manambala owonjezera omwe unkapereka, atenge a mbiri ya moyo wake. Zotsalazo, monga paladin (msilikali woyera) wakale amene ankakantha ndi mphamvu yoyera kangapo pa mpata wake umodzi wosewera atakhala pafupi ndi watsopano amene amatero kamodzi kokha, zimagwera woyendetsa nkhani kuti aweruze yekha madayisi asanaponyedwe.